Nkhuku ya Kumanda

Chaka chimene Angerezi anatikusira mumpanda wa waya waminga kuno kuchigawo cha Perak, ngakhale mpunga unkayenda ndi chilolezo. Nyumba zathu za kuminda anazitentha, n'kutiunjika malo amodzi, ati kuti tileke kudyetsa zigawenga za m'nkhalango. M'mawa tikamapita kukacheka mitengo ya labala, apolisi a pageti ankatipapasa mpaka m'mawere kufuna chakudya chobisa. Botolo la tiyi ankalilawa kuti amve ngati muli shuga. Fungo la manja awo aja, la fodya ndi thukuta, ndimalimvabe mpaka lero.

Mmodzi mwa zigawengazo anali mlongo wanga Kon Yin. Dzina lake sitinkalitchula, chifukwa banja likadziwika kuti lili ndi mwana m'nkhalango linkakwezedwa sitima ya pamadzi ulendo wa ku China, dziko la makolo athu limene ife ana sitinaliwonepo. Mayi wina atamuwona patali m'munda wa labala, anadzanong'oneza amayi kuti mwana wawo watsala mafupa okhaokha. Kuyambira tsiku limenelo amayi ankangotosatosa chakudya, osameza.

Kenako Angerezi anatipatsa mphatso, ati tisankhe khonsolo yathuyathu. Anthu otsekeredwa m'khola ngati mbuzi, koma kuvota! Anapambana ndi atsibweni anga a Liew Thiam Fook, mlongo wawo wa amayi, ogulitsa nsomba zouma. Anagula tayi, n'kuyamba kuyankhula chotulutsa mawu m'mphuno. Pakamwa pawo panali nkhani imodzi: mudzi ukasonyeza kuti ndi wokhulupirika, boma lichotsa geti.

Itayandikira nyengo yosesa kumanda, atsibweni anatulukira kwathu akuseka mano onse pamtunda.

"Mlongo, ndakumenyera nkhondo kwa mzungu. Chaka chino mupita kumanda ndi chakudya."

Amayi anasiya kusoka. "Chakudya chenicheni, achimwene? Kudutsa nacho pageti?"

"Nanga malemu alamu anga azidya utsi wa lubani wokha? Zaka ziwiri osalawa kanthu! Uwaphikire nkhuku ya mumchere ija."

Mwambo wathu ndi wakuti akufa akatha kudya fungo, amoyo timakhala pansi n'kudya nyamayo, zotsala n'kubwerera nazo. Koma atsibweni anatsitsa mawu.

"Chaka chino musabwere nayo. Isiyeni pomwepo, akufa adye mosathamanga." Anatsinzinira diso limodzi. "Manda aja ali pafupi ndi nkhalango. Chibale ndi fupa, mlongo, sichiwola."

Atatuluka ndinati, "Amayi, mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Atsibweni ayamba liti kukonda anthu a m'nkhalango?"

"Iwe Nyuk Fah, pakamwa pakopo padzakupha. Kon Yin anakulira pamwendo pawo."

Ndinagonja, pakuti nanenso ndinkafuna kuti mlongo wanga adye.

Amayi anapha thadzi lathu lomaliza, loikira mazira. Analikulunga m'pepala, n'kulikwirira mumchere wotentha mpaka nyumba yonse inanunkhira. Tsikulo pageti panalibe kupapasa. Mmodzi wa apolisi a manja onunkha aja anatichitira sawatcha.

Kumanda tinazula udzu, tinatsuka mwala wa bambo, tinayatsa lubani. Amayi anayala nkhuku, mpunga ndi tiyi wa shuga wambiri, chonsecho bambo shuga sankamufuna n'komwe. Anagwada moyang'ana mwala, koma maso awo anali kumitengo. Analankhula mokweza ngati bambo anamwalira ali ogontha.

"Idyani! Idyani zonse, musasiye kanthu!"

Pobwerera amayi ankayenda ngati mtsikana. Madzulo ake anadya mbale yonse ya mpunga koyamba pa miyezi yambiri.

M'mawa mwake geti silinatsegulidwe. Belu linalira, tonse anatifoletsa pabwalo la polisi. Panali mtembo womangidwa manja ndi miyendo ku nsungwi, monga timanyamulira nkhumba yopita kumsika. Asilikali anali atabisala kumanda kuja tisanafike n'komwe. Tsopano aliyense amayenera kudutsa, kuyang'ana nkhope, n'kunena ngati akumudziwa.

Anali Kon Yin. Nthiti zake unkatha kuziwerenga, miyendo ili zilonda zokhazokha, ntchentche zitadzaza pakamwa. Mzungu wa polisi anaima chapatali atatseka mphuno ndi kampango, ndipo pambali pa mtembo panali atsibweni ndi tayi wawo, akufunsa anthu m'malo mwake. Anthu amene anavina pa chisankho chawo ankadutsa mitu ili pansi, aliyense akuti, "Sindimudziwa."

Ndinawagwira amayi pamkono mwamphamvu, kuopa kuti akalira tonse tikwera sitima. Sanalire. Anamuyang'ana mwana wawo kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kunena mawu omveka bwino kuti mzungu amve.

"Sindimudziwa."

Atsibweni anapumira m'mwamba, thukuta lili kamukamu. Anawerama ngati akukonza kolala, n'kunong'ona.

"Wachita bwino, mlongo. Dzina lake sindinawauze, inu palibe akukhudzeni. Lamulungu lino geti alichotsa. Mmodzi wafera mudzi wonse, uzimvetse."

Ndinafuna kuwalavulira kumaso, koma m'kamwa munali gwa. Amayi sanawatukwane. Anangofunsa chapansipansi.

"Achimwene, anadyako?"

Atsibweni anayang'ana kumbali, n'kukanda m'khosi.

"Asilikali aja anadikira nthawi yaitali, mlongo. Nawonso ndi anthu, njala inawapweteka. Iye anapeza mbale zokha." Ataona kuti amayi akungowayang'ana, anawonjezera mowasangalatsa. "Koma ayamikira kwambiri. Akuti umatha kuphika."