Mawu a Safina pa Kompyuta ya Hamis

Che Abasi anali munthu wodziwa kusunga mkwiyo. Zaka zisanu akusoka zovala ku Overport, dera lina la ku Joni, sanam'patsepo moni Hamis, chonsecho onse anali a ku Mangochi ndipo ankaswali mzikiti umodzi. Mlandu wa Hamis unali ntchito yake: kuseri kwa shopu ya mafoni anali ndi kompyuta, ndipo ankathirira anthu nyimbo za eni ake m'mamemore khadi.

Mkwiyowo unali ndi pochokera. Kumudzi, Che Abasi ankaimba ng'oma ya dufu, mkazi wawo Safina akuimba makaswida, nyimbo za Chisilamu, m'Chiyawo. Anagulitsa njinga ndi makina osokera kuti akajambule chimbale ku Blantyre. Koma chimbale chisanatuluke, wina anakopera nyimbozo pa kompyuta ya ku situdiyo, ndipo pofika tsiku loyamba kugulitsa, msika wonse unali ukuziliza kale. Ma CD anangokhuta fumbi m'katoni. Safina atadwala, m'nyumba munalibenso choti n'kugulitsa. Anamwalira mvula isanagwe, ndipo Che Abasi anakwera basi ya ku Joni ndi CD imodzi m'thumba la jekete.

Mu Epulo 2015, anthu olusira alendo anathyola chipinda chawo ku Mayville, ndipo CD ija inapita limodzi ndi matiresi. Matiresi sanawadandaule. Chimene chinawagwira mantha chinabwera patapita masabata: akayesa kukumbukira mawu a mkazi wawo, mawuwo sankabwera. Nkhope ankaiona bwinobwino, koma milomo inkangoyenda popanda phokoso.

Choncho Lachisanu lina atatuluka mumzikiti, anakalowa kuseri kwa shopu ija.

"Eish, Che Abasi! Mwasochera kodi?" anafunsa Hamis akuimirira.

"Ndikufuna nyimbo ya Safina Abasi," anayankha akuyang'ana khoma.

Hamis analemba dzinalo pa kompyuta, koma sipanatuluke kanthu. Anawapempha kuti aimbeko pang'ono. Munthu wamkulu, ndevu zaimvi, anaima pakati pa mafoni akufa n'kung'ung'udza mzere umodzi ndi mawu osasa. Hamis anagwira pakamwa.

"Track 7! Bambo, imeneyo ndimathira tsiku ndi tsiku. Ilibe dzina, inabwera choncho. Amayi a Chizulu ogwira ntchito ku Prospecton amaifuna, osamva ndi liwu limodzi lomwe. Bambo wa Chisomali wapakona apo satsegula shopu asanaiike. Mmwenye wina akuti mwana wake sagona popanda iyo. Oyendetsa mathiraki amati ikulira ku Tete, ku Lusaka, mpaka ku Dar. Ine ndimayesa woimbayo ndi wa ku Mozambique!"

Che Abasi anakhala pansi pa kreti yopanda kanthu. Safina, amene kutali kwake kunali ku Blantyre, anali atawoloka malire onsewo popanda pasipoti, n'kumagoneka ana a anthu osawadziwa. Ndipo anapita kumanda akukhulupirira kuti nyimbo zake palibe anazifuna. Chinthu chimenechi chinawakulira, mpaka anasowa poyambira kukwiya.

Hamis anadina batani. Pa CD yawo ija nyimboyi inkayamba ndi ng'oma. Iyi inayamba ndi kukhosomola, kenako kuseka, kuseka kwenikweni kwa Safina kotulukira m'mphuno.

"Yambanitu, Che Abasi, mukundiyang'ana chiyani?"

A ku situdiyo anadula mawu amenewo pokonza chimbale, koma wakuba uja anakopera asanadule. Zaka zonsezi, m'mashopu, m'mathiraki ndi m'nyumba za alendo, Safina anali akuwaitana ndi dzina, iwo akusoka mabatani mtunda wa mphindi zitatu kuchokera apa.

Ng'oma inalowa, mawu anakwera, ndipo ngakhale ogula kutsogolo kwa shopu anasiya kulankhula. Hamis anayang'ana sipika, n'kuyang'ana mlendo wake, ndipo anazindikira kuti woimbayo anali malemu mkazi wawo. Anavula chipewa ndi manyazi.

"Ndichite chiyani, bambo? Ndiifufute?"

"Mufufuta ndi ku Tete komwe? Lembani dzina lake basi."

Hamis anachotsa Track 7 n'kulemba Safina Abasi ndi chala chimodzi, pang'onopang'ono. Che Abasi anapukuta m'maso ndi nsonga ya mkanjo, n'kusendeza kreti pafupi ndi sipika.

"Bwezani poyambirira paja," anatero. "Wandifunsa funso, sindinamuyankhe."