Maliro a Munthu Wosapita Kumaliro

Ku Kawale kuno palibe amene sankawadziwa a Levison Chimtengo, mdala wa ndevu zosapesa uja. Paja ndi amene analemba buku la nthano lotchedwa Osandilira, lija linawachotsetsa mumpingo. M'bukumo muli mnyamata wokana kupita kumaliro, ati anthu amangopitako kukaonetsa zitenje. Eni akenso zaka makumi atatu sanapondeko pamaliro, ngakhale a khomo loyandikana nalo.

Anyamata ophunzira ndiye ankawafera. Ankachokera ku Biwi, ena ku Area 25, ndevu atasunga ngati za mdalayo, n'kudzaza khonde kumamvera akunyoza dziko. Akazi a mdalayo, Mai Vaileti, ntchito inali kuwiritsa tiyi.

Lachiwiri m'mawa a Levison anatisiya. Mai Vaileti anaika masamba pamsewu, nayala mphasa, n'kuyamba kudikira. Mtima unali m'mwamba, chifukwa kuno ukamajomba maliro a anzako, ako anthu amangokuonera patali. Koma anadzilimbitsa mtima: si alipo anyamata a ndevu aja?

Cha m'ma naini kunabwera mmodzi, Goodwin, mtsogoleri wawo. Anaima kuseri kwa masamba, osawoloka.

"Amayi, pepani. Takambirana tonse. Pofuna kuwalemekeza bigi, sitibwera."

"Nanga bokosi anyamula ndani, mwanawe?"

"Pamenepo bukulo silinanene, amayi."

Anawerama mwaulemu, n'kukwera kabaza.

Pofika masana pabwalo panali Mai Vaileti ndi nkhuku ziwiri. Kenaka kumsewu kunamveka nyimbo. Anali amayi a Mvano, omwe tsamba 40 la bukulo limawatcha akhwangwala, akulowa ndi mabulauzi awo oyera ndi masiketi akuda, amuna awo ali pambuyo.

Mai Dyna, apampando awo, anagwada pamphasa.

"Anzathu, ife sitinabwerere mwini bukuyu ayi. Tabwerera inu. Pamaliro a mayi anga munatunga madzi masiku atatu, kunyumba mutanama kuti muli kuchigayo."

Apa m'pamene Mai Vaileti analira koyamba tsiku limenelo.

Mai Dyna anawasisita pamsana, kenaka n'kusendera kukhutu.

"Komatu ndiuzeni, poti eni ake apita. Khwangwala wosusuka wa patsamba 40 uja ndani? Ine kapena mnzathu wa Mvano uja, Mai Edna?"

Mai Vaileti anayang'ana amuna amene ankavula majekete kuti akatenge bokosi. Mmodzi anali mwamuna wa Mai Dyna, wina mchimwene wawo.

"Ndi Mai Edna."

"Ndinkadziwa ine," anatero Mai Dyna, n'kuyambitsa nyimbo ina mokweza.