Ana a Ng'ombe Awiri Amene Sanalembedwe

Ndinamuchenjeza tsiku lomwelo, matope asanaume n'komwe kunsapato zake. Ndinati, "Iwe, ana a ng'ombe awiri afa aja uwalembe. Chakufa sabisa m'thumba, chimanunkha."

Anangoseka, n'kundigwira paphewa. "Akazi anga, mwayambapo."

Amanditchula choncho kuyambira ali kamwana mdzukulu wangayu, inenso ndikakondwa ndimamuti amuna anga. Ndinamulera ndine mayi ake atatisiya, ndipo atapeza ntchito ananditenga kuti ndizikhala naye, iye ndi mkazi wake, amene ndimamuti mkazi mnzanga. Anthu amamuti Dokotala, koma si wa anthu, si wa ziweto. Ndi dokotala wa udzu. Amaumweta, kuuyanika mu uvuni, kuuika pa sikelo, kenako kukwezanso ng'ombe pa sikelo ina yaikulu kuti aone ngati zanenepa. Akatero amalemba mapepala oti ophunzira anzake awerenge.

Tsiku limenelo ananditengera kufamu ya kuntchito kwawo chifukwa ndinkadandaula kuti miyendo yauma ndi kukhala m'nyumba. Famuyo anaidula timakola timakola ta waya, kalikonse ndi nambala yake pakachitsulo. M'menemo munali udzu wake watsopano, wokwatitsa ndi mapira, wotsekemera phesi ngati nzimbe. Zaka zitatu ng'ombe zinanenepa nawo mpaka kunyezimira. Koma chaka chimenecho mvula inachedwa, udzu unadyedwa mpaka paziputu n'kufota. Kenako kunawaza kamvula, ziputu zija n'kutulutsa mphukira zazifupi ngati chikhatho, zobiriwira moderako.

Woweta ng'ombe wa pamenepo, bambo wachikulire amene onse ankamuti a Chipewa chifukwa sankachivula, anatsegulira ana a ng'ombe monga mwa ndondomeko. Dzuwa lisanafike pamutu awiri anayamba kudzandira. Ankapuma ngati wina wawakanyanga pakhosi, thovu lili tuu kukamwa. Anagwa, kuphiriphitha pang'ono, basi.

Ine imfa imeneyo ndinali nditaionapo. Ndili mtsikana wogulula mano, ng'ombe zisanu ndi ziwiri za bambo anga zinalowa m'munda wa mapira ophukiranso chilala chitangotha, ndipo palibe inatulukamo ndi miyendo yake.

"Ndi mphukirazo," ndinatero m'galimoto pobwerera. "Udzu wovutika ndi dzuwa umasunga mkwiyo."

"Awiri okha mwa makumi asanu ndi limodzi, Agogo. Mwina ndi nkhupakupa. Dokotala wa ziweto sanawang'ambe, ndiye ndilemba chiyani?"

"Lemba kuti anafa."

"Ndikatero, owunika pepala anena kuti ndiyesenso zaka zina ziwiri. Pepalali likufunika Lachisanu, a Pulofesa akudikira." Anakhotetsa chiwongolero, osandiyang'ana. "Musadere nkhawa, m'kabuku kanga ndiwalemba."

Pepala linapita Lachisanu. Ana a ng'ombe aja sanapite nawo.

Kunyumba kwathu kuli kachipinda kake kowerengera, ndipo amene ndimasesamo ndine. Muli tebulo, kompyuta, ndi timatumba ta khaki ta udzu wouma tosanjikizana mpaka pawindo, moti mumanunkha ngati khola la akalulu. Ine sukulu sindinapondeko. Zilembo kwa ine ndi nyerere chabe, koma manambala ndimawadziwa, ndinawaphunzira pa mabasi. M'mawa uliwonse, tiyi asanamwe, ankatsegula tsamba limodzi lomwelo. Pamwamba pali chithunzi chake atavala tayi, pambali nambala, pansi pake timizati toimirira ngati mpanda wosatha kumanga.

"Nambala imeneyi ikuwerenga chiyani?" ndinamufunsa tsiku lina, tsache lili m'manja.

"Munthu aliyense, kulikonse padziko, akalemba pepala lake n'kutchulamo langa, imakwera ndi imodzi. Kuntchito akafuna kukweza munthu, amayamba ayang'ana pamenepa."

"Ndiye kuti anthu osakudziwa akungokutchula dzina?"

"Eya. Ndiye ulemuwo."

"Sunawapatseko moni, sanakuonepo nkhope, koma ali nalo pakamwa?"

Anaseka mpaka kutsokomola. Anaitana mkazi wake kuti adzamve. Ine sindinaseke. Ndinati, "Dzina ndi sopo, mwana iwe. Likamagwiridwa ndi manja ambiri limatha."

"Agogo, musiyeni adyerere thukuta lake," anatero mkazi mnzanga ali pakhomo, akupukuta mbale. "Inu mumaopa ngakhale ketulo ikamalira."

Nambala inakwera. Ndinaiona ikuchoka pa makumi anayi, kufika pa zana, kudutsa mazana atatu. Anamupatsa ofesi ya mawindo awiri ndi ophunzira anayi oti aziwayang'anira. Ogulitsa mbewu anayamba kulongedza njere za udzu uja m'mapaketi, alangizi n'kumagawira alimi pepala lake lomasuliridwa mwachidule. Ine ndikamasesa ndinkayang'ana kamzati ka kumapeto, ka chaka chimenecho, kotalika kuposa tinzake. Nambala ikakwera ndi imodzi, ine ndinkaona khola lina kwinakwake, ndi munthu wina akutsegula geti.

A Chipewa anabwera kamodzi kunyumba. Anakana kukhala pampando, anangoima pakhonde.

"Bwana, ija nkhani ija munaikonza?"

"Ili m'manja mwanga, a Chipewa. Inu ziyang'anirani ng'ombe."

"Ine zanga ndimalemba, bwana. Kabuku kanga sikatayika." Anagwira thumba la malaya. Pasanathe mwezi anawasamutsira ku gawo la nkhuku.

Chaka chachitatu chitulukire pepala lija, mvula inakananso. Ndinkadzuka n'kuyang'ana kumwamba, kuli mbee ngati mbale yotsuka. Udzu wa m'mbali mwa msewu unasanduka fumbi. Ndinamudikira atavala kale nsapato, chikwama chili m'manja, n'kumutsekera khomo ndi thupi langa.

"Pita pa wailesi. Ukawauze kuti kamvula koyamba kakagwa, asalowetse ng'ombe mpaka udzuwo utafika m'chiuno."

Nthawi imeneyi sanaseke. Anaika chikwama pansi. "Ndikanena, andifunsa kuti ndadziwa bwanji."

"Uwauze."

"Ndiwauze kuti ndinadziwa kalekale koma sindinalembe? Agogo, komiti yokweza anthu ikukumana mwezi wamawa. Dzina langa lili pamwamba. Mwezi umodzi wokha. Ikangodutsa, ndilemba kapepala kowonjezera, ndinena kuti taona zatsopano."

"Mitambo yakuuza kuti idikira komiti?"

"Ndichedwa, Agogo."

"Ukayenda siya phazi, amuna anga. Ukasiya mlomo umakutsata. Iwe mlomo wako unausindikiza, uli m'nyumba za anthu."

Anandisuntha pang'onopang'ono ngati mpando, n'kutuluka.

Kamvula kanagwa Lachiwiri masana, ndikuanula zovala. Sikanali kambiri, kongonyowetsa fumbi kuti linunkhire. Ana a m'nyumba zoyandikana ankavina m'msewu. Ine ndinakhala pansi ndi zovala pamiyendo, n'kuyamba kuwerenga masiku ndi zala. Mphukira zimatenga masiku asanu, zikachedwa asanu ndi limodzi.

Tsiku lachisanu ndi chiwiri foni yake inayamba kulira, ndipo sinasiye. Ankapita nayo kubafa n'kutsegula madzi kuti tisamve. Nkhomaliro inazizira patebulo.

Loweruka m'mawa kunabwera mayi wina wovala nsapato za mphira zofika m'mawondo, manja ake osweka ngati a munthu wokama mkaka moyo wake wonse. Sanagogode kawiri. Ndinamutsegulira ine.

"Dokotala wa udzu amakhala muno?"

Ndinafuna kunama, lilime linakana. Anandidutsa n'kulunjika kuchipinda chowerengera ngati anauzidwa njira. Mdzukulu wanga anaimirira. Mayiyo anatulutsa jumbo m'chikwama n'kukhuthulira patebulo, pakati pa kompyuta ndi kapu ya tiyi. Zinali ndolo za ng'ombe, timapulasitiki tachikasu tija amaboola nato makutu, kalikonse ndi nambala yake. Tina tinali ndi ubweya.

"Werengani, ndinu ophunzira," anatero.

Sanawerenge. Ndinawerenga ine chamumtima. Khumi ndi zisanu ndi zinayi.

Kenako anatulutsa pepala lopindika, lothimbirira ndi zala. "Alangizi anandipatsa ili. Ndinazula udzu wanga wakale wonse n'kudzala wanuwu. Ndaliwerenga katatu kuchokera Lachitatu. Tandilozerani pamene munalemba kuti zimafa, mwina maso anga akalamba."

"Mayi, pepani kwambiri. Zinthu ngati izi zimafunika kafukufuku kuti..."

"Kwanu sizinafepo?"

Mkazi mnzanga anaima pakhomo atagwira pakamwa. Mdzukulu wanga anandiyang'ana ine, mayi uja n'kutsata maso akewo mpaka pankhope panga. Ndinangoyang'ana pansi, koma nkhope ya nkhalamba ndi chikwangwani. Mayiyo anagwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Ndolozo sungani," anatero. "Ine ndilibenso makutu oziika."

Sanali yekha. Kunamveka za makola ena asanu ndi atatu, ena a kutsidya kwa malire. Komiti ija inakumanadi mwezi wotsatira, koma osati kuti imukweze. Anaitanitsa a Chipewa kuchokera ku nkhuku. Akuti atalowa, kwa nthawi yoyamba anavula chipewa chija, n'kuika patebulo kabuku ka ana asukulu kokutidwa ndi pulasitiki. Munali tsiku, nambala ya kakhola, manambala a ndolo ziwiri, ndi mawu oti bwana anaona ndi maso awo.

Chimene chinandiopsa kwambiri ndi nambala ija. Ndinkaganiza kuti igwa. Sinagwe. Inayamba kuthamanga kuposa kale, mazana asanu, mazana asanu ndi awiri, kamzati ka chaka chino kakukwera ngati chimanga cha pachulu.

"Akukutamabe?" ndinamufunsa, nditamupeza atakhala pamenepo ndi malaya a dzulo.

"Ayi, Agogo. Akulemba za ng'ombe zakufazo. Aliyense wolemba ayenera kutchula pamene zinayambira." Anapukuta kumaso ndi chikhatho. "Makinawa sasiyanitsa wotama ndi wotukwana. Amangowerenga."

Pepala lija analidinda mawu ofiira opingasa tsamba lililonse, kuti aliyense wotsegula adziwe kuti analikana. Mdzukulu wanga anali ndi mapepala ena makumi awiri, oyera, a zaka zimene ankagona kufamu ndi kubwera ndi nkhupakupa m'masokosi. Amenewonso anthu anayamba kuwakayikira. Mvula ikakuona litsiro sikata. Ophunzira ake anayi anapempha kuti awapatse wowayang'anira wina. A Pulofesa, amene dzina lawo linali pambali pa lake, analemba kalata kuti iwo kufamu sankapitako. Lolemba lina mdzukulu wanga anapita ndi makiyi a ofesi ya mawindo awiri ija, anabwerako ndi katoni ya mabuku ndi kapu yake.

Tsopano amakhala pakhomo. Wapempha ntchito malo asanu ndi amodzi, ndipo kulikonse olemba ntchito amayamba atsegula tsamba lija. Mkazi mnzanga amapita kuntchito m'mawa osatsanzika mokweza. Timatumba ta udzu tidakali pawindo, mbewa zayamba kutiboola. Ndolo zija zili mudilowa ya pansi, ndimazimva zikugundana ndikasuntha tebulo posesa.

Foni yake anaitchera kalekale kuti izilira kamodzi munthu akamutchula, ndipo sanaichotse. Imalira tikudya, imalira akusamba. Ikati ting'i, mapewa ake amadumpha ngati wamenyedwa ndi kamwala. Sanditchulanso akazi anga. Dzulo ndikusesa ndinasuzumira pa kompyuta paja, iye atakhala pampando, manja ali pakati pa mawondo. Nambala yadutsa chikwi chimodzi.