Bokosi la Mileme

Zitosi zinagweranso pa diresi la mkwatibwi limene mayi telala ankasita, ndipo mawu awo anamveka mpaka kuseri kumene amuna awo ankapala matabwa.

"Bambo a ana, mileme yanuyi ichoke lero! Apo ayi ndichoka ndine ndi makina anga."

Kalipentala uja anakwera m'siling'i ndi tochi, atanyamula botolo la mankhwala limene alamu ake anabweretsa. Mbali ya kum'mawa, kolowa mphepo, kunalibe kanthu. Mileme yonse inali itaunjikana kumadzulo, m'kampata kopapatiza pakati pa phaso ndi khoma, pamdima pomwe malata amafunditsa bwino. Ataunika bwinobwino anaona tiana topanda ubweya titakangamira pamimba pa amayi awo. Anatsika botolo lili chitsekere.

"M'mwambamu muli chikuta," anatero. "Yasankha pofunda kuti ilerepo ana. Ine kupha mayi ali ndi khanda, ayi."

Alamu aja, mchimwene wa mayi telala, anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Alamu, mwasanduka azamba a mileme tsopano?"

"Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ana akayamba kuuluka, ndikonza."

Tsiku lomwelo anamata ming'alu yonse ya siling'i kuti zitosi zisagwerenso pa nsalu za anthu. Kenako anakhoma bokosi lalitali koma lopyapyala, khomo lake pansi. Mkati anakandamo timizere kuti zikhadabo zizipeza pogwira, kunja anapaka penti wakuda kuti lizisunga kutentha, n'kulipachika pamwamba pa khoma lakumadzulo lomwelo. Oyandikana nawo anamupatsa dzina loti Landilodi. Mkazi wake ankangomuikira chakudya patebulo n'kuchokapo. Zinamuwawa, koma sanabwerere m'mbuyo.

Ana atakhwima mapiko, anadikira dzuwa litangolowa mileme yonse itatuluka kukasaka tizilombo, nakwera makwerero kukatseka kampata kaja ndi sefa yawaya. Koma bokosi linakhala lopanda kanthu masiku angapo. Alamu akamadutsa ankafuula, "A Landilodi, matenanti akana nyumba?"

M'mawa wina mayi telala akusesa panja anapeza tizitosi takuda pansi pa bokosi. Anaima, nayang'ana m'mwamba, namva kulira kwa tswii-tswii. Anakaitana amuna awo ndi dzanja, ngati woopa kudzutsa mwana.

Madzulo ake kunabwera mayi wina kudzatenga malaya a mwana wake, ndipo anapeza banjalo litakhala pakhonde. Mileme inkatuluka m'bokosi umodziumodzi n'kumazungulira pabwalo.

"Kwathunso yatisowetsa mtendere," anatero mlendoyo. "Chimenechi anakupangirani ndani?"

Kalipentala anati atsegule pakamwa, koma mkazi wake anamutsogolera.

"Ndi amuna anga awa. Ngakhale mleme umadziwa ntchito ya mmisiri weniweni. Mukafuna lanu mubwere Lolemba, koma botolo la mankhwala musiye kunyumba."

Kalipentala anaweramira pansi, n'kumakutumula utuchi pa buluku lake kuti asaoneke akumwetulira.