Nthano Yachisanu ndi Chiwiri ya Amalume

Amalume anabwera nazo okha ku ofesi, nthano zisanu ndi ziwiri zolembedwa pamanja m'makope atatu a ana asukulu, atawamanga pamodzi ndi chingwe cha nsapato. Anakwera masitepe onse akutsamira ndodo, ndipo atafika pa desiki ya mwana wa mlongo wawo, anaika mtolowo pamwamba pa mapepala ake ngati munthu wotula nkhuni.

"Mayi Mkonzi," anatero akuvula chipewa, "lero ndabwera ngati mlendo. Ubale muuike pambali. Zikakhala zinyalala, mundiuze kuti ndi zinyalala."

"Khalani pansi kaye, amalume, mukupuma ngati mwathamangitsidwa ndi galu."

Iye anali mkonzi wa mabuku a ana pakampani yaing'ono yosindikiza mabuku, ndipo anali atagwirapo ntchito zaka khumi ndi chimodzi. Amalumewo ndi amene anamulera kuyambira ali ndi zaka zisanu, mayi ake atapeza ntchito kutali. Anaphunzitsa mbiri yakale kusekondale mpaka anapuma, ndipo ana asukulu anawapatsa dzina loti Mgiriki, chifukwa ukawafunsa chilichonse, kaya za mvula kaya za mpira, yankho linkayambira kwa Agiriki akale. Dzinalo linawakakamira moti ngakhale wometa tsitsi wa pamsewu wawo sankadziwa lina.

Mkonzi anawerenga makope onse atatu tsiku lomwelo, tiyi wake n'kuzizirira pambali. Ankaopa kuti apeza nthano zakale zongokopera, koma sizinali choncho. Amalume anapeka zawozawo, kungoti magazi ake anali a Agiriki akale aja ankawakonda: milungu yokhala pamwamba pa phiri, yansanje ndi yosachedwa kupsa mtima, amalinyero osochera panyanja, mafumu ofunsira nzeru kukachisi n'kumva yankho molakwika. Zisanu ndi imodzi zinali zoseketsa ndi zotha bwino. Yachisanu ndi chiwiri inali ina.

Inkanena za mtsikana woweta mbuzi amene ankakonda kuwerenga nyenyezi. Tsiku lina anaona mulungu wa usiku akupinda chofunda chake m'bandakucha, ndipo anamuuza kuti, "Mwataya imodzi. Dzulo zinalipo zambiri kuposa lero." Mtsikanayo ankanena zoona, ndipo mlandu wake unali womwewo. Mulunguyo anamusandutsa kambalame kotuwa kamene kamalira nyenyezi zikamazima. Mayi ake anamufunafuna m'mapiri ndi m'makachisi, kenako anadzazindikira mawu a mwana wawo pawindo. Nthanoyo inkatha ndi mizere iwiri: mayiyo ankaika mbewu pawindo m'mawa uliwonse mpaka anakalamba, ndipo mwana wake sanakhalenso munthu.

Abwana, mwini kampaniyo, anali munthu wabwino mtima, wa adzukulu asanu ndi mmodzi amene zithunzi zawo zinadzaza khoma la ofesi yawo. Anazikonda nthanozo, koma atafika pa yomaliza anavula magalasi.

"Mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri atseke buku ndi zimenezi? Makolo atipha. Mulungu ameneyu agwidwe chifundo, mtsikanayo abwerere, akumbatirane ndi mayi ake, mbuzi zilire, basi. Akuluwo ndi amalume anu, mukawanyengerere."

Mkonzi sanapite kukawanyengerera. Ankawadziwa. Munthu amene anakangana ndi woyendera sukulu kwa teremu yathunthu pa kalembedwe ka dzina la mzinda wina wakale sakanalola kusintha mathero. Choncho anakhala pansi n'kulemba yekha ndime zitatu. Mulungu wa usiku anapeza nyenyezi yotayika ija itakodwa m'minga, anachita manyazi, nthenga zinathothoka, mtsikana n'kuima pawindo ndi miyendo iwiri. Anatengera kalembedwe ka amalume ake mosamala, mpaka chizolowezi chawo choyamba ziganizo ndi mawu oti "tsono". Mumtima ankadziuza kuti adzawafotokozera nthawi ikakwana. Nthawiyo inkangosunthira kutsogolo, mpaka masamba oyesera anabwera kuchokera kosindikizira.

Anapita nawo kwa amalume Loweruka masana. Nyumba inali yomwe ija anakuliramo, ya zipinda zitatu, yokhala ndi geti lachitsulo lolira likamatsekulidwa. Akazi a amalume anali atamwalira zaka zinayi zapitazo, ndipo mabuku anali atalanda mipando yonse kupatula iwiri. Amalume anayala masambawo patebulo la pafupi ndi windo, anatenga galasi lokuzira zilembo ndi pensulo, n'kuyamba. Ankang'ung'udza mosangalala akapeza cholakwa.

"Apa mwadya mpatuliro wanga. Kodi kuofesi kwanuko mumakhala ndi njala?"

Mkonzi anaseka, koma anapita kukhitchini kukatsuka makapu omwe anali oyera kale. Ankamva mapepala akutembenuzidwa, limodzi limodzi. Kenako anasiya kuwamva. Atabwerera anapeza amalume ataika galasi lija pansi, manja ali pamaondo.

"Walemba izi ndani?"

"Ndine, amalume."

"Walemba bwino. Ukanapanda kundiuza ndikanaganiza kuti ndayamba kulemba ndili mtulo." Anakankhira tsambalo patali pang'ono ndi chala. "Ndi bodza lolembedwa bwino."

"Ndi nthano, amalume. Yonseyo ndi bodza. Kulibe mulungu wa usiku, kulibe mtsikana amene anasanduka mbalame. Ine ndangosankha bodza loti mwana atha kulinyamula. Agiriki anuwo sankalembera ana. Ife tikamatenga zinthu zawo timachotsamo zambiri, inunso mwachotsamo. Simunaikemo zigololo za milungu yawo, simunaikemo za kudulana makosi."

"Ndachotsa zimene mwana sanakumane nazo. Sindinachotse zimene akumane nazo mawa."

"Ndiye tiziwaopseza?"

Amalume anatembenukira kuwindo. Atayankhula, mawu aja a m'kalasi anali atawathera.

"Ukukumbukira chaka chimene unkakhala pageti?"

Iye anati akukumbukira kuti ankakonda kusewera pamenepo.

"Sunkasewera. Unkadikira."

Tsono anamufotokozera. Amalume anali ndi mwana mmodzi yekha, mtsikana, wamkulu kwa Mkonzi ndi zaka ziwiri. Asuweni awiriwa ankagona bedi limodzi, ankavalirana madiresi, ankamenyanirana mpando wa pafupi ndi bambo nthawi yowerengeredwa buku. Mtsikanayo ali ndi zaka zisanu ndi zinayi anatentha thupi masiku atatu, n'kumwalirira kuchipatala. Zimenezi Mkonzi ankazidziwa, monga mmene munthu amadziwira chaka chimene anabadwa, chongouzidwa. Zimene sankadziwa ndi zimene zinatsatira.

"Akuluakulu tinagwirizana kuti usaone maliro. Tinakutumiza kwa mnzanga wina wa kusukulu mlungu wathunthu. Utabwerako tinakuuza kuti msuweni wako wapita kusukulu yogonera komweko, abwera patchuthi. Amene ananena mawuwo ndi ine, ndi pakamwa pano. Tinkati tikukuteteza."

"Ndiye ndinakhulupirira?"

"Unkakhulupirira chilichonse chimene ine ndanena. Ukaweruka kusukulu unkaponya chikwama n'kukakhala pa sitepe ya pageti. Ukapatsidwa bisiketi unkaithyola pakati, theka n'kusunga m'chitini. Tchuthi choyamba chinafika, ana a anthu anabwera ndi masutikesi, iwe n'kumayang'ana basi iliyonse. Tinati aphunzitsi amusunga chifukwa ndi wanzeru. Tchuthi chachiwiri tinapeka china. Unayamba kuonda. Tsiku lina unafunsa akazi anga ngati msuweni wako akukana kubwera chifukwa unamung'ambira kope. Iwo anathawira kubafa kukalira, ndipo madzulo ake anandiuza kuti, 'Mphunzitsi ndinu. Bodza ili munaliyamba ndinu, mulimalize.'"

Mkonzi anakhala pampando wachiwiri uja. Dzimbiri la geti ankalikumbukira, ndi kutentha kwa simenti pansi pa ntchafu zake, ndi chitini chofiira chokhala ndi nyerere. Zaka zonsezi sanadzifunsepo kuti chitinicho chinali cha chiyani.

"Ndinalibe mawu," anapitiriza amalume. "Munthu wolankhula tsiku lonse pamaso pa ana makumi asanu, ndinalibe mawu. Ndiye ndinatenga buku lija la nthano za Agiriki, lothothoka chikuto, ndinabwera kudzakhala nawe pa sitepe. Ndinakuwerengera imodzi ya zija zimene munthu amatsikira kwa akufa, wotsala n'kuyesa njira zonse, koma osatheka kumubweza. Nditamaliza unandifunsa kuti, 'Ndiye sabweranso?' Ndinati, 'Sabweranso.' Kenako unati, 'Ngati uja?' Ndinati, 'Ngati uja.'"

"Ndinatani?"

"Unandiluma." Anamuonetsa kumbuyo kwa dzanja lamanzere, pomwe panalibe chipsera chilichonse chooneka. "Apa. Mlungu wonse sunandilankhule. Koma pageti sunakhalenso, ndipo unayamba kudya. Anthu amene anapeka nthano zimenezo ankaika m'manda ana awo ngati ifeyo. Ananena zimene ine ndinkalephera kunena, ine n'kungobwereka pakamwa pawo. Penapake pali mwana amene wakhala pageti lero lino, ndipo akuluakulu akwawo alibe mawu. Ukamupatsa mtsikana wobwerera uja, wamuwonjezera tchuthi china chodikira."

Mkonzi sanalire pamenepo. Anasonkhanitsa masamba aja, anawalinganiza m'mbali mobwerezabwereza, kenako anafunsa komwe kuli manda a msuweni wake, chifukwa anazindikira kuti palibe anamuonetsapo, ndipo iyenso sanafunsepo. Anapita limodzi m'mawa mwake. Anasochera kawiri pakati pa mizere ya manda, amalume akukana kuvomera kuti aiwala. Atawapeza anazula udzu, iye ndi manja, iwo akukanda ndi nsonga ya ndodo.

Lolemba Mkonzi analowa mu ofesi ya Abwana asanavule n'komwe jekete.

"Mathero aja ndabwezeretsa a eni ake. Ndinalakwa kuwasintha mwakabisira."

"Ndiye tichotse nthano yonseyo. Zisanu ndi imodzi ndi buku ndithu."

"Mukachotsa imeneyo mwachotsa chimene analembera zinazo."

Anawafotokozera za geti ndi chitini, mwachidule, akuyang'ana pansi. Abwana anamvetsera akuseweretsa cholembera. Atamaliza, anatembenukira ku zithunzi za adzukulu awo.

"Galu wathu atagundidwa ndi galimoto chaka chatha, ndinawauza awa kuti wapita kukakwatira." Anaseka pang'ono, kuseka kwake n'kuthera panjira. "Wamng'onoyo amandifunsabe kuti ana ake tikawaona liti."

Sanagonje zonse. Analamula kuti nthanoyo ichoke kumapeto ikhale yachinayi, kuti mwana akatseka buku atseke akuseka, ndiponso kuti pachikuto palembedwe kuti ndi la ana a zaka khumi kupita m'tsogolo. Mkonzi anavomera. Amalume atauzidwa pafoni anakalipa kuti kodi ana a zaka zisanu ndi ziwiri imfa imawalambalala, koma pomaliza anati, "Chabwino. Aang'onowo adzaba kwa akulu awo. Buku lobedwa ndi limene limawerengedwa bwino."

Panatsala nkhani ya zithunzi. Wojambula wa kampaniyo, mayi wosalankhulalankhula wokhala ndi inki m'zikhadabo nthawi zonse, anali atajambula mulungu wa usiku ndi nyanga, mano akuthwa ndi maso ofiira. Amalume anakweranso masitepe aja kuti adzaone, ndipo atangochiona chithunzicho anagwira kumutu.

"Mayi, ameneyu ndi chiwanda. Mwana akamuona athawa asanamuuze za nyenyezi. Milungu ya anthu aja inali yokongola, ndipo choopsa chake chinali chomwecho. Jambulani munthu wooneka bwino, waulemu, woti mungamupatse mpando kunyumba kwanu, koma amene chibadwire sanauzidwepo kuti walakwa."

Wojambulayo anaganiza pang'ono. "Ngati mwamuna wanga woyamba," anatero, n'kutenga pepala latsopano.

Anayamba kujambula, amalume ali chiimire pambali pake, Mkonzi atatsamira chitseko. Panatuluka nkhope yosalala, tsitsi lopotana, chofunda chakuda chitakolekedwa paphewa, ndi kamtsikana kali m'munsi kakuloza m'mwamba ndi chala. Amalume anawerama ndi galasi lawo.

"Pakamwa pali bwino. Koma m'masomu mwaikamo chifundo. Chepetsani."

Wojambula anafufuta, n'kukonza. Amalume anayang'ananso nthawi yaitali, kenako anapempha mpando, ndipo Mkonzi anapita kukawabweretsera madzi.

Bukulo linatuluka patapita miyezi inayi. Makolo awiri analemba makalata odandaula za nthano yachinayi, ndipo Abwana anawayankha okha. Woyang'anira laibulale ya sukulu ina anaimba foni kupempha makope ena atatu, ati loyambalo masamba ake apakati atha ndi manja. Amalume analandira kope lawo, analiwerenga lonse ndi pensulo m'manja, n'kupeza zolakwa ziwiri zimene aliyense sanazione. Anazilemba papepala mwaukhondo, kuti zidzakonzedwe bukulo likamadzasindikizidwanso.