Foni ya Amake Kadontho

Mkulu wa ku unduna anali atakhala pampando wa bambo a m'nyumba, jekete ili pabondo, pamene uthenga unalowa pafoni ya amake Kadontho.

"Uthenga wake ndi womwewo," anatero mkuluyo. "Tiwerengereni nambalazo, mayi, tonse tipume."

Amuna a mayiyo ndiwo ankasunga kaundula wa maadiresi onse a pa intaneti othera ndi zilembo ziwiri za dziko lawo. Unduna unkafuna kulanda kaundulayo, koma bungwe lakunja loyang'anira mayinawo silinkasintha woyendetsa popanda chilolezo cha amene linamulemba. Vuto linali lakuti ali pachibwenzi, foni ya bamboyo itagwera m'madzi, analembetsa ya mayiyu, ndipo sanasinthenso. Nambala zachinsinsi zovomerezera kusinthako zinkafikira pakafoni kosweka galasi, kodzaza zithunzi za mwana.

Chichokereni dzulo m'mawa, bamboyo anali asanabwere. Akuti ankathandiza akuluakulu ku ofesi.

"Anandiuza kuti ndisapatse munthu," anatero mayiyo, maso ali pakhomo pomwe panaima galimoto.

"Anakuuzani ali kuno. Pano ali kwathu, ndi malaya omwe aja. Kolala yada ngati ya makanika."

Foni inalira. Anali mayi wa kubungwe lija, mawu ake ofatsa ngati a namwino.

"Tikufuna kudziwa ngati pali amene akukukakamizani. Ngati alipo, tiimitsa zonse kufikira titafufuza."

"Kufufuzako n'kwa masiku angati?"

"Miyezi itatu, mwina kuposa."

"Nanga amuna anga?"

"Pepani, ife timaona za mayina okha."

Kadontho anali atakwawira kumapazi a mlendoyo. Mkuluyo anamunyamula, namupatsa makiyi a galimoto kuti aziluma.

"Akumera mano eti?" ananong'ona. "Bambo ake asaphonye dzino loyamba."

Amake Kadontho anapukuta chikhatho pasiketi. Ankayang'ana zala za mkuluyo zomwe zinazinga kamimba ka mwana.

"Palibe akundikakamiza," anayankha pafoni. Atadula, anawerenga nambala zisanu ndi imodzi zija pang'onopang'ono, mkuluyo akulemba. Kenako anatambasula manja, nalandira mwana wake.

Bamboyo anafika masana, ndevu zitatuluka. Mayiyo anamutenthetsera madzi, nakaika thaulo kubafa. Bamboyo anayang'ana foni ija patebulo, kenako mkazi wake. Anakhala pansi ndi mwana pamiyendo, madzi aja mpaka kuzizira.