Mwini Poti 8080

Sabata yanga yachiwiri pantchito, seva, pulogalamu yoyendetsa webusaiti yatsopano ya chipatala, inakana kuyaka. Uthenga unati poti 8080, khomo limene sevayo imalandirira alendo, ili kale ndi mwini wake. Abwana ankafuna kuona tsamba la webusaitiyo isanakwane naini koloko.

Ku yunivesite tinkachita zachidule: pulogalamu ikatseka khomo, umangoipha. Ndinalemba lamulo loiphera, chala chili kale pa batani.

"A Digiri, dikirani kaye," anatero Mayi Mawaya, amene asamalira makompyuta a pano zaka khumi ndi zisanu ndipo amatayipa ndi zala ziwiri. "Mukufuna kuphayo mukumudziwa?"

"Ndi nambala chabe, mayi."

Anavala magalasi, nawerenga dzina la pulogalamuyo, kenako anaimba foni ku labu.

"Makina oyezera magazi akutumiza zotsatira? Za anthu angati? Makumi anayi? Pitirizani."

Pulogalamuyo ndi imene inkalandira zotsatirazo. Ndikanadina, onsewo akanatengedwanso magazi.

Mayi Mawaya anatsegula fayilo ya makonzedwe a seva yanga, nasintha 8080 kukhala 8081. Tsamba linatuluka.

Ndinafufuta lamulo langa, chilembo chimodzichimodzi. Iwo anayang'ana pawindo mpaka nditamaliza.